Injini Yawira pa Msewu wa Nathenje

Singano inali pofiira, ndipo Patson ankavina chamumtima.

Anaponda buleki. Pikapu inaima pansi pa mtengo wa mango, fumbi la msewu wa ku Nathenje n'kuwapitirira lokha. Mkazi wake Idesi anangokhala duu pampando, mwana wawo Tamanda ali pamiyendo, maso ali kuwindo. Chichokereni ku Mitundu anali asanamuyang'ane mwamuna wake n'komwe.

Mlandu unali galimoto yomweyi. Matipate anali atangolowa kumene, ndipo alimi ang'onoang'ono nawonso ankagulitsa fodya wawo ku okushoni. Patson anapita ku Lilongwe atalonjeza malata. Anabwerako akuliza hutala. Idesi anayang'ana denga laudu lodontha lija, anayang'ana pikapu, n'kulumbira kuti phazi lake silidzapondamo. Lero anali atakwera koyamba, koma kuti imutule kwawo ku Nathenje. Patson ankadziwa bwino kuti akangofika kwa a Masautso, amalume ake a Idesi, nkhoswe yosaseka ija, mkazi sabwereranso.

Koma mwamuna anali ndi kachinsinsi. Singano yoonetsa kutentha kwa injini inali yakufa. Wogulitsa anachita kumuuza yekha kuti ukangotembenuza kiyi imathamangira pofiira n'kugona pomwepo. Idesi zimenezi sankazidziwa.

"Make Tamanda, taonani apa," anatero Patson nkhope ataikwinya ngati wamva zamaliro. "Injini yawira. Tikapitirira tiphulika tonse."

Idesi anasuzumira singanoyo, kenako anayang'ana mwamuna wake.

"Ndiye ikonzenitu. Si paja munati mwagula ndege yoyenda pansi?"

Patson anatsika monyadira n'kutsegula boneti. Ntchito anaigwira ngati anthu alipira kuti aonerere. Anakoka lamba wa fani, napukusa mutu, ngakhale lambayo anali wolimba bwinobwino. Anatola kamtengo n'kuyamba kutokosa udzu ndi mapiko a ziwala m'mano a rediyeta. Anafinya payipi yam'mwamba, inamuotcha chala, iye anati ndi dzuwa la Okutobala. Kenako anakwawira pansi, anagonako pang'ono akuwerenga nyerere, n'kutuluka msana uli mbuu.

"Nanga madzi mwaona?" anafunsa Idesi ali pawindo.

"Ayi, ayi, ayi! Chotsekera cha rediyeta satsegula injini ikali moto. Nthunzi yake ingandisupule nkhope, inu n'kukhala ndi mwamuna wonga mbatata yowotcha. Tidikire izizire."

Mawu amenewa anali oona, ndipo n'chifukwa chake anamukomera kwambiri. Injini sizizira msanga.

Anakhala pamthunzi, wina uku wina uko. Posakhalitsa panadutsa bambo wina panjinga atanyamula nkhumba yolira pakaliyala. Sanaime, anangofuula akupalasa.

"Swerani dzira m'rediyetamo, achimwene! Limamata pobowoka!"

"Dziralo likanakhalapo bwenzi titakazinga!" anayankha Patson.

Kumbuyo kwake kunabwera agogo ena aakazi ndi mtolo wa nkhuni. Iwo anaima ndithu, nasuzumira m'boneti ngati akuona wodwala, n'kutulutsa kabotolo ka fodya wamphuno. Anati mwana wawo wa matola amathira yemweyo, ndipo galimoto imayetsemula n'kuchira.

Idesi anayesetsa kuti asaseke. Analuma mlomo, anabisa nkhope kumutu kwa mwana, koma mapewa anamupereka. Kuseka kunaphulika, Tamanda naye anayamba kuseka osadziwa chomwe akusekera, agogo aja n'kuchoka atakwiya.

Patson anaona khomo latseguka, anasendera.

"Make Tamanda, ndinalakwa. Koma galimotoyi izinyamula matola tsiku lililonse lamsika. Malata akhala oyamba."

"Mvula isanagwe?"

"Isanagwe. Ndipo mpando wakutsogolowu ndi wanu. Ngakhale abusa azikwera kumbuyo."

"Nanga matenda a galimoto yanu mwawapeza?"

Patson anatsokomola. "Ndawapeza. Injiniyi siingathe chitunda cha ku Nathenje. Koma ku Mitundu n'kotsetsereka."

"Kotsetsereka? Si pobwera timatsika ife?"

"Misewu ya matipate, mayi. Imasintha."

Idesi anapukuta misozi ya kuseka ndi nsonga ya chitenje. "Tembenuzani, bambo a Tamanda. Mwanayu wamva njala."

Patson anatseka boneti ndi dzanja limodzi. Chotsekera chija sanachikhudze n'komwe. Akanachitseguliranji, galimoto ili bwino? Anaitembenuza, naponda moto. Ankaimba nyimbo yakwaya akuomba chiwongolero ngati ng'oma, akuimikira dzanja aliyense, ngakhale mbuzi. Mumtima ankati kuyambira ku Malingunde mpaka ku Nkhoma kulibe mwamuna wochenjera ngati iye.

Sanapite patali. Kunayamba fungo la chitsulo chopsa. Kenako injini inayamba kugogoda. Kenako fwaaa! Nthunzi yoyera inatuluka mbali zonse za boneti, msewu osaonekanso.

Patson anaimitsa, ndipo ulendo uno nkhope sinafunike kuikwinya dala.

"Mayo ine! Yawiradi! Koma bwanji? Singanoyi ndi yakufa!"

Anagwira pakamwa mochedwa.

"Yakufa?" anatero Idesi pang'onopang'ono. "Ohoo."

Anamupatsira mwana, natsika, nakafukula pansi pa katundu wake kumbuyo. Anabwerako atanyamula chigubu chodzaza madzi, n'kuchikhazika pafupi ndi tayala.

"Izizire kaye, monga munanenera. Madziwo ndinakhetsa ndine m'mamawa, pa kampopi ka pansi pa rediyeta, kuti tisakafike kwa amalume. Theka lokha, galimoto ndi yathu iyi. Ine ndimangodabwa pamango paja kuti yawira msanga bwanji."