Buku Lomaliza la Wamanzere

Katoni inafika Lachisanu m'mawa, itanyowa pakona imodzi. Mwini sitolo ya mabuku anaing'amba ndi kiyi wa pachitseko poti lumo silinkaoneka. Pansi pa mabuku a masamu ndi madikishonale panali makope anayi a chikuto chakuda. Mtima wake unagunda ngati wa munthu amene walandira kalata ya chibwenzi. Buku lachisanu ndi chiwiri la Wamanzere, lomaliza, linali litafika.

Wamanzere anali wapolisi wofufuza milandu wa m'mabukumo. M'buku lililonse ankagwira chigawenga, koma amene anapha mkazi wake ankamupulumuka m'manja. Wolemba analonjeza kuti dzina la wakuphayo lidzatuluka patsamba lotsiriza, kenako anangoti zii zaka zitatu.

Mwini sitoloyo sanalitsegule n'komwe. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Amayi a kwa atelala ankafika teni koloko.

Kale amene ankabwera anali atelala eni ake, tepi ili m'khosi, choko chili kuseri kwa khutu. Ankatsamira kauntala n'kuyamba kuzenga mlandu wa mkazi wa Wamanzere.

"Ndi mlamu wake uja, achemwali. Munaona mmene analirira pamaliro? Kulira kuja kunali kochita kukonzekera."

"Mwezi watha munkati ndi dokotala."

"Mwezi watha ndinali mwana."

Ngakhale atayamba kuonda, kolala ya malaya ikulendewera m'khosi, nthabwala sizinawathere. Tsiku lomaliza kubwera anapuma kawiri asanafike pakauntala.

"Achipatala akuti ndikonzeke ulendo," anatero akuseka. "Ndawauza kuti imfayo ikhale kaye pabenchi. Ine sindinyamuka ndisanadziwe amene anapha mkazi wa Wamanzere. Ndikangotseka bukulo, basi, ibwere idzanditenge."

Akazi awo, amene anali atawagwira mkono, sanaseke nawo.

Kuyambira pamenepo amene ankabwera anali amayiwo. Lachisanu lililonse, tsiku lofika katundu, kaya kugwe mvula kaya kuwale dzuwa, iwo ankakhala oyamba pakhomo. Mashelefu sankawayang'ana. Funso linali limodzi: "Lafika?" Akamva kuti ayi, ankatulutsa mpweya wautali n'kukhala pampando wa pakona. Ikakwana hafu pasiti teni, foni ya m'sitolo inkalira. Anali atelala, ali pabedi, kufuna kudzimvera okha.

"Mayi anuwo sindiwakhulupirira," ankatero. "Mabukuwa amawaona ngati akazi anzawo."

Mawu awo ankacheperachepera sabata ndi sabata. Mwini sitolo analembera kampani yotumiza mabuku kasanu konse, kuchonderera. Iye anali asanakwatiwe, ndipo akamaona amayiwo akutuluka, nsapato zitatha zidendene mbali imodzi, ankadziuza kuti chikondi chenicheni ndi chimenecho: kuthamangitsana ndi imfa chifukwa cha buku limodzi. Pemphero lake linali loti katoniyo ifike uthenga wa maliro usanafike.

Teni koloko ndendende chitseko chinalira. Amayiwo analowa, chikwama chachikulu chili paphewa, maso ofiira ndi tulo.

"Lafika?"

Mwini sitolo anatulutsa kope limodzi pansi pa kauntala, atalimanga kale ndi kachingwe kofiira, n'kuliika patsogolo pawo. Amayiwo anagwira m'mphepete mwa kauntala ndi manja onse awiri. Misozi inayamba kutsika popanda mawu, ndipo nayenso mwini sitolo maso anamudzaza.

"Mwapambana, amayi! Thamangani. Pofika madzulo akhala ali pakati."

"Abwera angati?"

"Anayi."

"Alipo wina wagula kale?"

"Palibe. Ndinu oyamba, ngati masiku onse."

"Ndipatseni onse."

Mwini sitolo anamwetulira. Limodzi la atelala, atatuwo a anzawo aja amene ankabwerekana nawo mabuku, omwe mpaka pano ankapita kukawazonda Lamlungu lililonse. Anaona kale m'maganizo mwake madoda anayi atazungulira bedi, aliyense mphuno ili m'buku, akuopsezana kuti wina asayerekeze kuulula.

Amayiwo analipira osafunsa mtengo. Mabuku aja anawalowetsa pansi penipeni pa chikwama, n'kuwavundikira ndi juzi, pamwamba n'kusanja mabotolo a mankhwala. Akuopa mvula, anaganiza choncho mwini sitolo, ngakhale kunja kunali kutayera mbee.

Koma sanathamange. Anapita pampando wa pakona uja n'kukhala, chikwama atachikumbatira pamiyendo, maso ali pawotchi. Mwini sitolo anawasiya kuti apume. Ulendo wa chaka chathunthu, ndani sangatope?

Hafu pasiti teni foni inalira. Mwini sitolo anaithamangira, nkhani yabwino ili kale pamilomo. Asanainyamule, dzanja lozizira linatsika pamwamba pa lake.

"Mwana wanga, muwauze kuti silinafike," ananong'ona amayiwo. "Adokotala anawapatsa miyezi iwiri. Papita chaka ndi miyezi itatu, akudikirabe bukuli."

Foni inalira kachinayi, kachisanu. Mwini sitolo anapukuta maso n'kuinyamula.

"Pepani bambo. Mwina Lachisanu likubwerali."