Asuweni Awiri ndi Thumba la Chinangwa

"Msuweni, mizinga yakoyi ikulozeranji kumudzi kwanga?" anafunsa Waisale, maso ali pakompyuta.

"Anyamata akungoipukuta fumbi," anayankha Sakiusa.

Awiriwa anali timu imodzi pamasewera ankhondo, kulimbana ndi Miliakere, mkazi wa Waisale, yemwe ankasewera ali kuchipinda. Anapangana kuti wogonja asenda thumba lonse la chinangwa cha phwando la Lamulungu m'tauni yawo ya Lautoka.

Koma masewerawa amalola munthu kusintha mbali mwakachetechete, ndipo Sakiusa anali atatumiza kale uthenga kuchipindako: "Alamu, tigwirizane timumalize mwamuna wanuyu." Yankho linali lakuti, "Yambani, ndikubwera."

Sakiusa anadina batani, mizinga yake n'kuyamba kugumula nyumba za Waisale. Nthawi yomweyo apakavalo a Waisale anatulukira kuseri n'kuyatsa nkhokwe za Sakiusa.

"Ndiwe njoka iwe," anatero Waisale.

"Nanga akavalo akowa amadya msipu wanji kuseri kwangaku?"

Anaswana mpaka aliyense anatsala wopanda ndi nkhuku yomwe.

"Alamu, asilikali aja ali kuti?" anakuwa Sakiusa.

Waisale anacheuka pang'onopang'ono. "Iwenso anakuuza kuti akubwera?"

Chitseko chinatseguka, Miliakere n'kutulukira atanyamula mipeni iwiri. Makompyuta onse anali akuonetsa kale kuti wapambana ndi iyeyo.

"Ndabweratu," anatero. "Asilikali ndiye ndinalibe, ine ndimangolima minda. Chinangwa chili pakhondepo. Musende mogwirizana, paja ndinu timu imodzi."