Umboni Umene Unatsekera A Besi M'chipinda

Panali mayi wina, telala wa mayunifolomu a sukulu, amene mwamuna wake ankayendetsa basi. Bamboyu ankaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwawo, moti aliyense ankangomutchula kuti a Besi. Tsiku lina anagwa pa depoti akutsika m'basi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anafa ziwalo mbali yakumanja, ndipo mawu ankatuluka movutikira.

Atatulutsidwa m'chipatala, mchemwali wake wa bamboyo, namwino wa kumzinda wina wakutali, anadzakhala nawo masiku atatu. Pochoka anati:

"Alamu, achimwenewa muziwatembenuza pa maola awiri aliwonse, apo ayi atuluka zilonda kumsana. Ndi munthu wathupi, nokha simungathe. Akutchalitchi azibwera mosinthana, musawachitire manyazi."

"Ndamva, alamu."

Poyamba zinayenda choncho. Azibambo a kwaya ankabwera awiriawiri, kumusambitsa, kumutembenuza, kenako n'kumuimbira. A Besi ankatsatira ndi mbali imodzi ya pakamwa, misozi ili mbwembwembwe, koma akuseka.

Sabata yachitatu kutchalitchi kunabwera mlaliki wachilendo. Anati: "Chimene ukunena ndi pakamwa pako ndi chimene umalandira. Ukati mwamuna wanga akudwala, wawasainira wekha matendawo. Lengeza machiritso usanawaone!"

Mayiyu anali atatopa, ndipo ankafunitsitsa kuona mwamuna wake ataimirira. Anapita kutsogolo n'kulandira maikolofoni.

"Amuna anga adzuka! Pano ndikunena pano akuyenda!"

Tchalitchi chonse chinaimirira. Ena anavina, ena anagwada. Iye sankaona ngati akunama. Ankakhulupirira ndithu kuti akafika kunyumba akapeza a Besi ali pakhomo. Anawapeza ali mmene anawasiyira, zofunda zitanyowa. Lolemba mlaliki uja anakwera basi n'kupita kwina.

Lachiwiri akwaya anabwera kudzaona chozizwitsacho. Mayiyu anawachingamira kugeti.

"Apita kwa achimwene awo kukapumako."

"Aa, munthu kungodzuka n'kuthawa!" anatero mkulu wa kwaya. "Muwauze abwere msanga, mayi. Besi imene tatsala nayo ikulira ngati chitseko cha garaja."

Onse anaseka, iyenso anaseka. Akwayawo atachoka, mayiyu anasamutsira mwamuna wake kuchipinda chakumbuyo n'kutseka makatani. Makasitomala ankawayezera pakhonde. Mumtima ankati sabata ino yokha, akangodzuka zonse zikhala zoona.

Sabata inatha, inanso inatha. Ankamutembenuza yekha kawiri pa tsiku, mpaka msana wake unayamba kuwawa. Chilonda chinayamba chaching'ono ngati batani, kenako chinakula ngati chikhatho. Ankachiphimba ndi zidutswa za nsalu zotsala posoka. Namwino uja akaimba foni kufunsa ngati anthu akubwerabe, ankayankha kuti, "Tsiku ndi tsiku, alamu."

Lamlungu lililonse ankavala bwino, n'kukaimba nyimbo za chimwemwe mokweza kuposa onse. Amayi okhala ndi odwala kunyumba ankamugwira dzanja kuti awapempherere.

Tsiku lina akumudyetsa, a Besi anafunsa pang'onopang'ono:

"Anzanga aja... ali kuti?"

"Atanganidwa, bambo."

"Onse?"

Mayiyu anangopukuta supuni.

"Zaka makumi awiri... ndaimba nawo," anatero a Besi, akuyang'ana kukhoma. "Andiiwala. Basi, Mulungu yekha."

Kuyambira pamenepo sanafunsenso, ndipo sanaimbenso.

Patatha miyezi iwiri thupi linatentha kwambiri, anayamba kubwebweta. Kuchipatala anati chilondacho chaola mpaka kuwononga magazi. Mchemwali wake atafika n'kuvundukula nsalu ija, sanakalipe. Anangofunsa chapansipansi:

"Alamu, anthu obwera tsiku ndi tsiku aja, palibe ngakhale mmodzi anaona ichi?"

Apo m'pamene mayiyu anaulula zonse. Akwaya atamva anathamangira kuchipatala, anaimirira mozungulira bedi n'kuimba. Koma a Besi anali atakomoka kale, sanadziwe kuti anzake abwera. Anamwalira mawa lake masana.

Mwambo wa maliro utatha, mkulu wa kwaya anamupeza mayiyu atakhala yekha.

"Mayi, mukanangotiuza. Ife tinalipo."

"Munalipodi, bambo," anayankha. "Koma tsiku lija munandivinira. Ndikanabwera sabata yotsatira n'kunena kuti akadali chigonere, mukanati chikhulupiriro changa n'chochepa. Kodi munamuvinirapo ndani amene anaimirira n'kunena kuti zinthu sizikuyenda, koma Mulungu akundigwira?"



Amene anandiuza nkhaniyi amamuweruza mayiyu kwambiri. Kulakwa analakwadi: ananyoza malangizo a namwino, ananamiza abale, ndipo mwamuna wake anafa akuganiza kuti anzake amutaya. Koma sanali mayi wankhanza. Anali wotopa, wamantha, ndipo anamvera munthu amene sanafunse n'komwe dzina la wodwalayo. Mlaliki uja mwina nayenso amakhulupirira zimene amanena. Kungoti iye sanatembenuzepo a Besi ngakhale kamodzi.

Phunziro: Kunena kuti "tikuvutika" si kukana Mulungu. Ngakhale Yesu analira pamanda a bwenzi lake, ndipo palibe anamuuza kuti chikhulupiriro chake chachepa. A Besi anali nacho chimwemwe cha mwa Ambuye ali chigonere, abale akumuimbira, ndipo chinatha tsiku limene chitseko chinatsekedwa. Pemphererani machiritso, koma musalengeze chimene simunachione, ndipo mipingo iphunzire kulandira umboni wa amene sanachire. Tumizirani uthengawu anzanu, makamaka uja amene nthawi zonse amayankha kuti "tili bwino" pomwe mukudziwa kuti ali ndi wodwala m'nyumba. Mukatumiza, mupite mukagogode.