Ulusi wa Kangaude pa Mphasa ya Nkhono

Padangokhalatu! Tili tonse.

M'phanga la mtengo wa mkuyu munkakhala tizilombo tambiri, koma malo anali ochepa. Wosesa anali Chiswe. Chilichonse chimene panalibe wochigwira, iye ankachidya kuti ena apeze pogona.

Tsiku lina Nkhono anapita kudambo kukatengera Buluzi mankhwala a chifuwa. "Ndibwera," anatero, n'kusiya mphasa yake.

Masiku anapita, Nkhono osaoneka. Chiswe anafika akunola mano.

"Achimwene, mwini wake akubwera," anatero Kangaude, mawu ali pansi poti anali wamanyazi.

"Ndi kayendedwe kake kaja? Adzafika chaka chamawa! Lamulo mukulidziwa, achemwali: chosagwiridwa n'changa."

Kangaude sankatha kukangana. Anangoluka ulusi, n'kumanga mbali ina kumphasa, ina kumwendo wake. "Ndiyetu yagwiridwa."

M'mawa uliwonse Chiswe ankabwera kudzagwedeza ulusiwo, n'kubwerera akung'ung'udza. Mwendo wa Kangaude unachita dzanzi, ntchentche zonona zinkamudutsa pamphuno, koma sanasunthe.

Nkhono anatulukira mvula ikugwa, mankhwala ali pamsana. Ataona mphasa ija, anatembenukira kwa Kangaude. "Njira yonse ndimangoti ndikagona pansi. Zikomo, mnzanga, zikomo kwambiri."

Kangaude anadula ulusi, n'kuwongola mwendo pang'onopang'ono.

Chiswe anazungulirazungulira, akukanda kumutu, kenako anasendera pafupi n'kunong'ona: "Achemwali, mawa ndikukaona amayi kuchulu, ndipo kamkeka kanga katsala kokha. Ulusi uja watsalako?"