Mapilitsi a m'thumba la malaya

Leitau anapisa m'thumba la malaya a mwamuna wake asanawaviike m'madzi, ndipo anapezamo mapilitsi onse, osatsegula n'komwe.

Mtima unamuwawa. Kawiri konse anayenda wapansi mpaka kuchipatala chifukwa cha chikazi chobiriwira, chonunkha, ndi kuyabwa kosapumitsa. Namwino atamuyeza sanabise. Anati ndi tizilombo topatsirana pogonana, amwe mankhwala onse awiri, iye ndi mwamuna wake, apo ayi matendawo abwereranso. Ndipo anali atabwereradi.

Kalmet, mwamunayo, anali pakhonde akupala mizu ya kava, yopangira chakumwa. Pambali pake panali amayi ake, amene chibwerere mwana wawo kothyola maapozi ku Australia anamupatulira Leitau beseni lakelake, ati angapatsire ana.

"Bambo a Toara, ichi n'chiyani? Paja munati mwamaliza kumwa?" anafunsa Leitau akumuonetsa mapilitsiwo.

"Iwe, ukundiona ngati wodwala ine?" anatero Kalmet akuseka. "Za akazi zimenezo."

"Mkazi wodzisamala sanunkha," anawonjezera apongoziwo. "Uzisamba, mwana wanga."

Leitau anagwada mwaulemu, natambasula dzanja la apongozi akewo, n'kuikamo mapilitsiwo.

"Amayi, tawerengani dzina lalembedwa apo. Miyezi itatu ndakhala ndikusamba mpaka khungu kusupuka, mudzi wonse ukundiloza chala. Mwana wanuyu akapanda kumwa mpaka lomaliza, ine ndikupita kwathu lero lomwe, ndipo akandifunsa chifukwa chake sindibisa."

Apongoziwo anayandikiza kapepala ka mapilitsiwo kumaso, milomo ikugwedera pang'onopang'ono powerenga dzina la mwana wawo. Kalmet analeka kupala.

"Kalmet," anatero amayi akewo osamuyang'ana, "katenge madzi m'kapu."