Mawu a Nachisale

Lamulo latsopano likuti nyumba yosungira mbiri ya mudzi izisunga mawu a malemu mmodzi yekha pa mbumba iliyonse, chifukwa makina adzaza. Abale a malemu mkazi wanga, Nachisale, anasankha agogo awo oimba nyimbo zopempha mvula. Ine mkamwini sanandifunse.

Ndinapita kwa Mayi Kamwendo, oyang'anira makinawo.

"Mayi, chonde musafufute mawu a Nachisale. Chotsani zanga zonse m'malo mwake."

"Aphunzitsi, zanu mulibemo muno. Mbiri yanu ili kwanu ku Dowa." Anandiyang'ana. "Nanga ananenamo chiyani? Nyimbo?"

"Ayi. Akukalipira nkhuku."

Anaseka pang'ono, kenako analeka. "Khalani apa mumvetsere. Ndifufuta poweruka."

Ndinamvetsera tsiku lonse, ndikubwereza pansipansi, mpaka ndinagwira pamene ankakweza mawu ndi pamene ankapumira.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimaima pakhonde n'kukuwa monga iye: "Chokani apo, akuba inu, mwalima liti?" Alamu anga akuti mutu wanga wasokonekera, ndipo akufulumiza mwambo wondisudzula kuti ndibwerere kwathu.

Nkhuku sizithawa. Zikudziwa kuti si iye.