Dzina la Bwana Nimbulo

Mwana anali atangotuluka m'chikuta m'mawa womwewo, koma pabwalo la a Chrispin ku Nsaru mkangano unali utayaka kale. Chinali chaka cha 1954. Nimbulo, bambo wa khandalo, ankafuna kuti mwanayo atenge dzina lake. A Chrispin, malume ake a mkazi wake Yunisi, ankakanitsitsa.

Nimbulo anali mkamwini. Munda sunali wake, nkhokwe sinali yake, ngakhale mpando umene anakhalirapo unali wobwereka. Chake chenicheni pamudzipo linali dzinalo basi, ndipo ankalionetsa ngati njinga yatsopano. Mphunzitsi wina wa kumishoni anamuuzapo kuti m'Chingerezi limatanthauza wachangu, wopepuka miyendo. Chiyambire tsiku limenelo ankayenda mothamanga ngakhale popita kokaothera dzuwa. Tisamuseke kwambiri. Ife akuno, chinthu chikangomveka Chingerezi, timachivulira chipewa tisanafunse n'komwe kumene chachokera.

"Dzina limabwera ndi khalidwe la mwini wake," anatero a Chrispin. "Nimbulo woyambayo ife sitimudziwa. Nanga atakhala kuti anali chidakwa?"

"Chidakwa? Bwana Nimbulo a kuesiteti ya fodya ku Namitete, amene anapulumutsa bambo anga?"

"Munawaona inuyo?"

Nimbulo anali asanawaonepo. Bambo ake anamwalira iye akukwawa, ndipo nkhaniyo ankangoitola m'kamwa mwa akuluakulu. Anachita mantha. Akalephera lero, mwanayo akhala wa kuchikazi kuyambira kumutu mpaka kuphazi, iye n'kutsala mlendo wolima m'munda wa eni.

Mwamwayi, mayi ake a Nimbulo, a Tabita, anatulukira atasenza dengu la ufa, kudzaona mdzukulu. Asanapume n'komwe, anawakhazika pamphasa kuti achitire umboni.

"N'zoona," anatero mayiwo. "Mphiri italuma bambo ake a uyu m'munda wa fodya, anthu onse anangogwira pakamwa. A Nimbulo ndiwo anawanyamula pamsana mpaka kuchipatala cha mishoni, mvula ikugwa, mtsinje utadzaza. Panjira sanapume. Ine ndinali woyembekezera. Ndinalumbira kuti akabadwa mwamuna, dzina ndi lomweli."

"Nanga mowa ankamwa?" anafunsa a Chrispin.

"Ngakhale dontho. Madzi okha. Ntchito kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, osadandaula."

A Chrispin anagonja. Ananyamula khandalo, analimanga mkanda padzanja monga achitira wotcha dzina, n'kulitchula mokweza kuti mudzi wonse umve: Nimbulo! Amayi analuluta, tambala anadulidwa khosi. Dzina likatchulidwa pabwalo silibwereranso m'kamwa, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Nimbulo wamkulu anasangalala mpaka misozi kulengeza. Anayendayenda pabwalo chifuwa chili patsogolo, kupatsa moni anthu amene anali atawapatsa kale.

Phokoso litachepa, a Chrispin anasendera pafupi ndi a Tabita, tsopano mwaulemu ndithu.

"Azungu amtima wotero ndi osowa, mayi. Kodi anabwerera kwawo ku Mangalande?"

"Mzungu uti?" anadabwa mayiwo. "A Nimbulo anali bulu wokoka ngolo ya fodya. Anadyedwa ndi afisi chaka cha dzombe."